PULAGINI IKASOWA POJAMBULA NYIMBO

 Lero tiri ndi nkhani ya bvuto limodzi limene lisautsa anthu ojambula nyimbo pa kompyuta. Masiku ano ku Matero ndi ku Chilenje, ku Wusakile ndi ku Chifubu, mupeza anyamata ndi asungwana amene asandutsa kacipinda kamodzi kukhala situdiyo, ndipo makwaya a machalichi ndi oimba ena amabwera kwa iwo ndi ndalama zao kuti mau ao agwidwe bwino. Tsono zimacitika kuti mwini situdiyo wagula cida catsopano cokometsera mau, waciika m'kompyuta monga anamlangiza, koma potsegula pulogramu yace yojambulira, cidaco sicioneka. Oimba ali pakhomo, ena acokera kutali pa basi, ena acita kupempha tsiku ku nchito, ndipo dzuwa liri kupita. Kapena atsegula nyimbo imene anaiyamba mwezi wathawu, napeza kuti ng'oma zace zakhala cete cifukwa cida cimene cinali kuziliza casowa.

Ambiri pofika pamenepa amapsa mtima, nafafaniza zonse, nayambanso kuziika kucokera paciyambi. Ena amasenza kompyuta kunka nayo kwa wokonza, nalipira pa cinthu cimene akadatha kucikonza okha asanamalize kumwa tiyi. Cimene ndifuna kuti mugwire lero ndi ici: nthawi zambiri cidaco ciripo ndithu m'kompyutamo. Pulogramu yojambulira iri ndi malamulo ace a kufunira zida ndi kuzilandira, ndipo limodzi la malamulowo likaphonyeka, iyo ingopitirira osanena kanthu. Munthu wodziwa malamulowo, nawayesa limodzi limodzi, sacedwa kupeza pamene palakwika.

PULAGINI NCIANI?

Tiyambe ndi maina, kuti ndi iwo amene sanalowepo m'situdiyo atsate nafe. Pulogramu yaikuru yojambulira ndiyo imene igwira mau a woimba, kuwasanja m'mizere, ndi kuwasanganiza ndi zoimbira kufikira nyimbo itatha. Ziripo zingapo zodziwika: FL Studio ya kampani ya Image-Line ya ku Belgium, Cubase ya Steinberg ya ku Hamburg, Ableton Live ya ku Berlin, Logic Pro ya Apple, Pro Tools ya Avid, ndi Reaper ya Cockos. Pulagini ndi kapulogramu kakang'ono kamene kalowa m'kati mwa yaikuruyo kudzaithandiza nchito imodzi. Mapulagini ali m'magulu awiri. Ena ndi zoimbira: aliza mau a piyano, a ng'oma kapena a gitala pamene mugunda makiyi. Ena ndi zokonzera mau: acotsa phokoso, alinganiza mau okwera ndi otsika, kapena apatsa woimba kumveka konga kwa m'chalichi cacikuru. Pulagini ifunika kuitanidwa ndi pulogramu yaikuru kuti igwire nchito m'nyimbo yanu, ndipo yaikuruyo iyenera kuyamba yadziwa kuti pulaginiyo iripo.

Kudziwako kumacitika motere. Pamene mutsegula pulogramu yaikuru, iyo iyendera mafoda ena m'kompyuta, niyesa mafailo amene iwapezamo. Iri yonse iitsegula pang'ono, iifunsa dzina lace ndi nchito yace, nilemba mayankho m'kaundula wace. Mndandanda umene muona pofuna pulagini ucokera m'kaundulayo. Inu a ku mgodi mudziwa bwino makonzedwe otere. Munthu satsika m'shafuti cabe cifukwa ali ndi mphamvu ndi cipewa. Ayenera kukhala ndi citupa ca mgodi umenewo, pakuti ca ku Mufulira sicitsegula cipata ca ku Nchanga. Ayenera kuima pa shafuti yace pamene kapitao ali kuitana maina. Ndipo ngati analembedwa kuti anacita zoopsa pansi, akhala kunja kufikira mlandu wace utaonedwanso. Ndi pulagini ziri cimodzimodzi. Pali citupa cace, pali malo ace oimapo, ndipo pali zimene kaundula akumbukira za iyo. Tiyeni tizione mwa ndondomeko yomweyo.

CITUPA: MTUNDU WA PULAGINI

Mapulagini sali a mtundu umodzi. Mtundu wofala koposa ndi VST, umene kampani ya Steinberg inauturutsa mu 1996. Mu 1999 inaturutsa VST 2, imene inalola kuti pulagini ikhale coimbira, ndipo mu 2008 inaturutsa VST 3. Kampani ya Apple iri ndi mtundu wace wochedwa Audio Units, kapena AU mwacidule, umene sugwira pa Windows. Kampani ya Avid inayamba mtundu wa AAX mu 2011, ndipo Pro Tools 11 ya mu 2013 inasiya mitundu yace yakale ya RTAS ndi TDM. Mu 2022 makampani awiri a ku Berlin, Bitwig ndi u-he, anaonetsa mtundu wina watsopano wochedwa CLAP.

Tsono cherani khutu, pakuti apa ndi pamene ambiri apunthwa. Logic Pro ndi GarageBand zilandira AU yokha. Pro Tools ilandira AAX yokha. Cubase ilandira VST, koma AU iai, ngakhale pa Mac pomwe. Ableton Live, FL Studio ndi Reaper zilandira VST, ndiponso AU zikakhala pa Mac. Cotero munthu wa Logic Pro amene waika VST angafufuze kufikira tambala alira, sadzaiona. Mtundu wa failo muudziwa ndi malembo a kumapeto kwa dzina lace. Pa Windows VST 2 ithera ndi .dll, pa Mac ndi .vst, VST 3 ithera ndi.vst3, AU ithera ndi.component, AAX ithera ndi.aaxplugin.

Kapulogramu koikira pulagini kawirikawiri kamaonetsa timabokosi toti muconge mitundu imene muifuna. Munthu wofulumira amangodina batani lopitirira osawerenga, ndipo mtundu umene pulogramu yace ifuna utsala osaikidwa. Mankhwala ace ndi apafupi: tsegulaninso koikirako, muwerenge tsamba liri lonse, muconge kabokosi koyenera.

Dziwaninso kuti VST 2 iri kutha pang'ono pang'ono. Steinberg inaleka kupatsa opanga atsopano cilolezo ca VST 2 mu October 2018, ndipo mu January 2022 inalengeza kuti idzaisiya m'mapulogramu ace. Opanga ambiri tsopano aturutsa VST 3 yokha. Ici cibala mabvuto awiri. Pulogramu yaikuru yakale ingalephere kuona VST 3. Mwacitsanzo Ableton Live inayamba kuilandira mu 2019, ndi Live 10.1. Ndipo nyimbo imene munaijambula ndi VST 2 ingakuuzeni kuti pulagini yasowa, cinkana VST 3 ya dzina lomwelo iri pomwepo, cifukwa mapulogramu ena aziyesa ziwirizi ngati zida zosiyana.

Pali zina zimene anthu amaziyesa mapulagini pamene siziri. Mitolo ya mau ojambulidwa kale, monga ija ya Kontakt ya kampani ya Native Instruments, siioneka pa mndandanda wa mapulagini. Muyamba mwatsegula Kontakt mwiniyo, ndipo mitoloyo muipeza m'kati mwace. Zida zina zibwera ndi pulogramu yoima payokha, yotseguka popanda pulogramu yojambulira. Kuiona iyo pa kompyuta sikutanthauza kuti pulagini yace inaikidwanso. Ndipo failo yothera ndi .zip kapena .rar ndi mtolo womanga. Muyenera kuumasula musanayembekeze kanthu.

CIDINDO CACIWIRI: 32-BIT NDI 64-BIT

Pa citupa comweco pali cidindo cina. Mapulogramu akale anamangidwa m'njira yochedwa 32-bit, imene siitha kugwiritsa nchito memori yoposa 4 GB. Zoimbira zazikuru zitacuruka, malo amenewa anacepa, ndipo opanga anasamukira ku njira ya 64-bit. Pulagini igwira nchito m'kati mwenimweni mwa pulogramu yaikuru, cotero ziwirizo ziyenera kukhala za mamangidwe amodzi, monga nati ndi bauti za mano ofanana. Logic Pro X ndi Pro Tools 11 zinasiya mapulagini a 32-bit mu 2013, Cubase 9 mu 2016, ndi Ableton Live 10 mu 2018. Mu 2019 Apple inaturutsa macOS Catalina, imene inakana mapulogramu onse a 32-bit.

Mapulagini ambiri aulere a zaka zakale, amene anthu amapatsana pa timitengo ta USB, ndi a 32-bit, ndipo ndi iwo amene asowa kawirikawiri. Pa Windows muwazindikira cifukwa amakonda kukhala m'foda ya Program Files ija yokhala ndi x86 kumapeto kwa dzina lace. FL Studio ndi Reaper pa Windows ziri ndi ulalo wao woolotsera mapulagini otere, ndipo palinso kapulogramu kogula kochedwa jBridge kamene kacita nchito yomweyo. Koma ulalo ulemetsa kompyuta, ndipo nthawi zina uthyoka pakati pa nchito. Ngati wopanga anaturutsa ya 64-bit, tengani imeneyo.

CIDINDO CACITATU: MA MAC ATSOPANO

Ici cikhudza eni a Mac okha. Mu November 2020 Apple inayamba kugulitsa makompyuta okhala ndi purosesa yace yace, yoyamba ndiyo M1, m'malo mwa ya Intel. Purosesa ndiyo ubongo wa kompyuta, ndipo ubongo watsopanowu ulankhula cilankhulo cina. Kuti mapulogramu akale asafe, Apple inaika womasulira wochedwa Rosetta 2. Tsono mapulogramu akuru ena akatseguka m'cilankhulo catsopano, satha kulandira VST yomangidwira Intel yokha, ndipo pulaginiyo siioneka. Cubase 12 ya mu 2022, ikatseguka m'njira yatsopanoyi, siilandira VST 2 iri yonse.

Njira ziripo ziwiri. Yabwino ndiyo kutenga kwa wopanga pulagini yokonzedwera purosesa yatsopano. Ina ndiyo kusankha pulogramu yaikuru m'foda ya Applications, kutsegula Get Info, ndi kuconga kabokosi kolembedwa Open using Rosetta. Yaciwiriyi muiyese ngati msasa wa paulendo, pakuti mu 2025 Apple inanena kuti Rosetta idzakhala yathunthu kufikira macOS 27, ndipo pambuyo pace idzacepetsedwa.

MALO OIMAPO

Citupa cikakhala cabwino, funsani ngati pulagini yaima pamene maina aitanidwa. VST 3 iri ndi nyumba yace yodziwika. Pa Windows ndi C:\Program Files\Common Files\VST3, ndipo mapulogramu akuru amayang'ana kumeneko okha osauzidwa. AAX ikhala mu C:\Program Files\Common Files\Avid\Audio\Plug-Ins. Musasunthe mafailo amenewa kuti muwakonze mwa kufuna kwanu. Asiyeni pamene koikira kanawasiya.

Wobvuta ndi VST 2 pa Windows, cifukwa alibe nyumba yoikika. Wopanga wina aiika mu C:\Program Files\VSTPlugins, wina mu C:\Program Files\Steinberg\VSTPlugins, winanso kwina. Munthu akaika mapulagini makumi awiri osasamala, apeza kuti amwazikana m'mafoda anai kapena asanu, pamene pulogramu yace iyang'ana imodzi. Funani dzina la pulaginiyo ndi cofufuzira ca Windows kufikira mwapeza failo yace ya .dll, mulembe foda imene irimo, ndipo muuze pulogramu yaikuru. Mu FL Studio mulowa pa Options ndi Manage plugins, nimuonjeza fodayo pa mndandanda wa malo ofufuzamo. Mu Reaper mulowa pa Preferences, Plug-ins, VST. Mu Cubase muli VST Plug-in Manager. Mu Ableton Live, pa tsamba la Plug-Ins, musankha foda ya VST 2. Onaninso kuti maswichi olola VST 2 ndi VST 3 ali oyatsa, pakuti akakhala ozima sipaoneka kanthu. Kuyambira lero sankhani foda imodzi ya VST 2, ndipo koikira kali konse kakafunsa, kalozereni komweko.

Cenjezo limodzi. Musauze pulogramu kuti ifufuze m'kompyuta yonse, kapena mu Program Files yonse, poganiza kuti potero siidzaphonya kanthu. Mafailo othera ndi .dll alipo ambirimbiri pa Windows, ndipo ocuruka si mapulagini. Pulogramu idzayesa kuwatsegula onse, idzacedwa koopsa, mwinanso kugwa.

Pa Mac nyumba zonse nzodziwika. M'foda ya /Library/Audio/Plug-Ins muli Components ya AU, VST ya VST 2, ndi VST3. Koma mafoda a Library alipo awiri oyenera kuwadziwa: ina ya kompyuta yonse, ina ya munthu mmodzi yekha, ndipo yaciwiriyi imabisika. Kuti muione, gwirani kiyi ya Option pamene mutsegula Go mu Finder. Pulagini yoikidwa mu Library ya munthu mmodzi siioneka kwa wina amene alowa pa kompyuta yomweyo ndi dzina lace.

ZIMENE KAUNDULA AKUMBUKIRA

Kuyesa pulagini iri yonse kumadya nthawi, cotero pulogramu yaikuru siibwereza nchito yonseyo tsiku ndi tsiku. Ikhulupirira zimene inalemba kale. Ngati tsiku lina pulagini inagwa poyesedwa, pulogramu iilemba m'gulu la zoletsedwa kuti isadzagwetsenso nchito yanu, ndipo siibwereranso kwa iyo yokha. Ici ncifukwa cace munthu angakonze colakwa ceniceni, koma pulagini nikhalabe yosaoneka. Angaifafanize ndi kuiikanso katatu, osaphula kanthu, pakuti dzina lace likali m'buku la zoletsedwa.

Pulagini yabwino bwino ingalowe m'bukumo popanda kulakwa. Magetsi akazima pakati pa kufufuza, monga anali kuzimira maora ambiri mu 2024 pamene madzi anacepa ku Kariba cifukwa ca cirala, pulogramu ina potsegukanso iyesa kuti pulagini imene inali kuiyesa panthawiyo ndiyo inaigwetsa. Zicitikanso pamene munthu watopa kudikira natseka pulogramu mwamphamvu, kapena pamene kazenera kofunsa laisensi kanabisala kumbuyo kwa mazenera ena, iye osakayankha.

Cofunika ndico kulamula kuti mlandu uonedwenso. Mu Cubase, tsegulani VST Plug-in Manager, muone tsamba la Blocklist, musankhe pulaginiyo ndi kuibwezera. Mu Logic Pro muli Plug-In Manager, imene ionetsa mapulagini amene analephera mayeso a Apple; sankhani yanuyo, mudine Reset & Rescan Selection. Mu Ableton Live, gwirani kiyi ya Alt, kapena Option pa Mac, pamene mudina Rescan, ndipo kufufuza kudzayambira pa ciyambi. Mu Reaper, pa batani la Re-scan pali lamulo lofafaniza kaundula wakale ndi kufufuzanso. Mu FL Studio congani Rescan plugins with errors musanadine batani lofufuzira. Pro Tools isunthira mapulagini okanidwa ku foda yapafupi yokhala ndi mau akuti Unused. Bwezerani failoyo kwao mutakonza colakwa. Pa Mac, AU yatsopano nthawi zina siioneka kufikira mutazima kompyuta ndi kuiyatsanso. Ndipo pamene kufufuza kuli m'kati, khalani pansi, musakhudze kanthu. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha.

ALONDA ENA PA CIPATA

Mukalamula kufufuzanso koma pulagini nigwanso, pali cina cimene iri kusowa. Coyamba kuganizira ndi laisensi. Mapulagini ambiri ogula safuna kutseguka asanaone umboni wakuti munalipira. Ena agwiritsa nchito iLok ya kampani ya PACE, ndipo laisensiyo ingakhale pa kamtengo ka USB, m'kompyuta momwemo, kapena pa intaneti. Kamtengo kakatsala m'thumba la jekete, kapena mabandulo akatha pamene laisensi iri ya pa intaneti, pulagini ikana. Ngati intaneti ya kwanu njodukaduka, ndipo wopanga alola, sungani laisensi m'kompyuta kapena pa kamtengo. Mapulagini a kampani ya Waves ali ndi khalidwe lao lao: onse alowa kupyolera m'failo yochedwa WaveShell, ndipo iyo ikasowa kapena ikakhala yosiyana msinkhu ndi mapulaginiwo, gulu lonse lisowa pamodzi. Pulogramu yao ya Waves Central ndiyo ikonza zimenezi.

Caciwiri, pa Windows mapulagini ambiri atsamira pa zigawo za Microsoft zochedwa Visual C++ Redistributable. Kompyuta yoikidwa Windows catsopano ingakhale yopanda zigawozi, ndipo pulagini ilephera kutseguka osachula cifukwa. Zigawozi zipezeka kwaulere kwa Microsoft eni ace. Cacitatu ndi pulogramu yolonda mavairasi, imene nthawi zina igwira failo ya pulagini niitsekera. Yang'anani m'ndende mwace ngati failo yanu irimo, koma muiturutse pokhapo mudziwa bwino kumene inacokera. Pa Mac mlonda ndi Gatekeeper, amene kuyambira mu 2019 akaniza mapulogramu amene opanga ace sanawapereke kwa Apple kuti awaone. Ngati wopangayo ndi wodziwika, funani kwa iye failo yatsopano yobvomerezedwa.

YAPEZEKA KOMA YABISALA

Nthawi zina pulogramu inaipeza kale pulagini, ndipo ndi maso athu amene ayang'ana polakwika. Coimbira sicioneka pa mndandanda wa zokonzera mau, ndi cokonzera mau sicioneka pa wa zoimbira. Mapulogramu ambiri asanja mapulagini pansi pa dzina la kampani yowapanga, ndipo dzina la pa mndandanda lingasiyane pang'ono ndi la pa cithunzi cotsatsira malonda. Mu Logic Pro ndi Pro Tools, pulagini yopangidwira mzere wa mau a mbali ziwiri ingabisike pa mzere wa mbali imodzi. Mu FL Studio pulagini yopezeka catsopano ifunika kuipatsa cizindikiro ca nyenyezi mu Manage plugins kuti ituruke pa mndandanda wapafupi. Musanadandaule, lembani malembo atatu oyamba a dzina lace m'kabokosi kofufuzira.

MAPULAGINI AKUBA

Sindingatsirize osanenapo za mapulagini othyoledwa maloko, amene apezeka pa intaneti popanda mtengo. Tidziwa tonse kuti ndalama ibvuta, ndipo mitengo ya zidazi iri m'madola. Koma pulagini yothyoledwa ndiyo ibvuta koposa pofufuza, cifukwa wakubayo anasintha za m'kati mwace. Alonda a kompyuta aigwira, ndipo mulibe wopanga woti mumdandaulire. Palinso coopsa cina. Mu 2019 kampani ya ESET ya ku Slovakia inaulula pulogramu yoipa imene inaicha LoudMiner, yobisidwa m'mapulogramu a nyimbo akuba. Inali kugwiritsa nchito mphamvu ya kompyuta ya mwini situdiyo kupangira mbala ndalama za pa intaneti zochedwa Monero, mwiniyo nangoona kompyuta yace iri kutentha ndi kucedwa. Cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Pulogramu yaikuru iri yonse ibwera ndi zida zace zokwanira kutsiriza nyimbo, ndipo alipo mapulagini abwino amene eni ace awapereka aulere ndi mtima wao, monga coimbira ca Surge XT.

NDONDOMEKO YA KUFUNA

Tsono tisonkhanitse zonse kuti muzigwire pamtima. Yambani mwatseka pulogramu ndi kuyatsanso kompyuta. Kenaka funani failo ya pulaginiyo ndi maso anu. Ngati palibe, bwererani ku koikira. Mukaipeza, onani malembo a kumapeto kwace ngati ndi mtundu umene pulogramu yanu ilandira, ndiponso ngati iri ya 64-bit ndi yoyenera purosesa yanu. Onani ngati foda yace iri pa mndandanda wa malo ofufuzamo. Yang'anani m'buku la zoletsedwa, mulamule kufufuzanso. Ikagwanso, onani laisensi ndi alonda.

Sinthani cinthu cimodzi pa nthawi imodzi, ndi kuyesa musanasinthe cina. Wosintha zisanu pamodzi, cinkana zitamuyendera, sadziwa cimene cacita, ndipo mawa bvuto likabwera ayambanso mumdima. Mukasokonezeka, pali yeso limodzi lothandiza: tsegulani pulaginiyo m'pulogramu yaikuru ina. Reaper njaing'ono, ndipo eni ace alola kuiyesa masiku 60 musanalipire. Pulagini ikaoneka kumeneko, mudziwa kuti failo iri bwino ndipo colakwa ciri m'makonzedwe a pulogramu yanu. Ikakana konse kuwiri, lemberani wopanga wace, mumuuze dzina ndi nambala ya pulagini, ya pulogramu yaikuru, ndi ya Windows kapena macOS yanu.

KUSUNGA NYIMBO ZA ENI ACE

Mau otsiriza akhudza nyimbo zimene anthu anakusungitsani. Failo ya nyimbo yosatha siisunga mau a coimbira ca pulagini. Isunga cabe malangizo a zimene coimbiraco cidzaliza. Cidaco cikasowa, mauwo asowa naco. Cotero mukatsegula nyimbo nimuuzidwa kuti pulagini yasowa, musaisunge pa dzina lomwelo. Ipatseni dzina lina, kuti yoyambayo ikhale monga inaliri kufikira cida citapezeka. Nyimbo iri yonse ikatha, sandutsani mzere uli wonse kukhala failo ya mau ya WAV, muisunge pamodzi ndi nyimboyo ndiponso pa malo ena aciwiri. Mafailo otere atseguka m'pulogramu iri yonse, ngakhale patapita zaka zambiri ndi mapulagini a lero ataiwalika. Khalani ndi kabuku kolembamo maina a mapulagini anu, manambala ao, ndi kumene kuli malaisensi. Ndipo musakweze Windows, macOS kapena pulogramu yaikuru pakati pa nchito ya munthu. Dikirani chimbale cithe, muyambe mwafunsa ngati zida zanu zigwirizana ndi zatsopanozo.

Kwaya imene inasonkha ndalama miyezi itatu kuti ijambule nyimbo zace siidzakufunsani za VST kapena AU. Idzangofuna kumva mau ace monga inawasiya. Kusamala tinthu tating'ono timene takamba leroti ndiko kudzakucititsani kuti muwabwezere mau aowo tsiku liri lonse adzawafuna, ndipo adzabweranso ndi anzao.